Tsinde la Mtengo Womezanitsa: Labala wa ku Vizara ndi Zipatso za M'mbali mwa Chilwa

Mtengo womezanitsa ndi mitengo iwiri yokhala m'thupi limodzi. Mbali ya pamwamba, kuyambira pa mfundo pamene anamezanitsira mpaka kunsonga, imachokera ku kanthambi kapena diso lotengedwa pa mtengo wosankhidwa. Mbali ya pansi, ndiye kuti mizu yonse ndi kachigawo kakafupi ka thunthu, ndi mbande ina imene inamera payokha kuchokera ku njere. Mbali yapansiyi ndiyo tsinde.

Pogula mbande ku nazale, anthu amafunsa dzina la mbali ya pamwamba. Amafuna kumva ngati ndi Kent, Tommy Atkins, Hass kapena Valencia. Za tsinde safunsa kawirikawiri, ndipo wogulitsa naye nthawi zambiri sadziwa kuti njere imene anafesayo inagwa mu mtengo uti. Komatu tsinde ndi limene limamwa madzi, limakoka chakudya m'nthaka, limagwira mtengo pa mphepo yamkuntho, ndiponso limakumana ndi matenda onse a m'dothi. Mbewu imene yaonetsa nkhaniyi poyera kuposa zina ndi labala, chifukwa zokolola zake amaziyeza mtengo ndi mtengo, kapu ndi kapu, kwa zaka zoposa 20.

M'Malawi muno labala amalimidwa m'boma la Nkhata Bay, pa esiteti ya Vizara, imene msewu wa M5 umadutsa mkati mwake pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay. Apaulendo amawadziwa malowa ndi mitengo yake yondanda m'mizere, komanso anyamata ogulitsa mipira ya labala m'mbali mwa msewu. Esitetiyi inayamba nthawi ya atsamunda m'manja mwa kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala. Kwawo kwenikweni kwa mtengowu ndi m'nkhalango za Amazon ku Brazil, ndipo dzina lake la sayansi ndi Hevea brasiliensis. M'chaka cha 1876 Mngelezi wina, Henry Wickham, anatenga njere pafupifupi 70,000 kupita nazo ku munda wa Kew ku London. Zimene zinamera sizinakwane 3,000, ndipo mbande zake zinatumizidwa ku Ceylon, kumene lero ndi Sri Lanka, ndi ku Singapore. Minda yaikulu ya labala ya ku Asia inachokera pa mbande zochepazi.

Minda yoyamba inali ya mitengo yofesa. Eni ake sanachedwe kuona kuti mitengo yofesa siyofanana: wina umadzaza kapu, woyandikana nawo umangodontheza, chonsecho yonse ikudya malo ofanana ndi ntchito yofanana. Cha m'ma 1916 ndi 1917, akatswiri achidatchi pa zilumba za Java ndi Sumatra anakonza njira yomezanitsira labala pogwiritsa ntchito diso. Amatenga diso pa nthambi ya mtengo wotulutsa utomoni wambiri pamodzi ndi kachikhungwa kake, n'kusenda kazenera pa khungwa la mbande pafupi ndi dothi, kulowetsamo disolo ndi kukulunga. Pakatha masabata atatu amamasula. Diso likakhala lobiriwirabe ndiye kuti lagwira, ndipo amadula mutu wa mbandeyo kuti mphamvu yonse ipite ku diso. Motero mtengo umodzi wabwino unkatha kubala mitengo zikwizikwi yofanana nawo. Ndi mmene inayambira mitundu yodziwika monga Tjir 1 ndi GT 1 ya ku Indonesia, PB 86 ya ku esiteti ya Prang Besar ku Malaysia, ndi RRIM 600 imene inabadwa pokwatitsa Tjir 1 ndi PB 86. Hekitala ya mitengo yofesa yosasankha inkapereka makilogalamu pafupifupi 500 a labala wouma pachaka. Mitundu yosankhidwa, ikasamalidwa bwino, imatha kufika 2,000.

Apa m'pamene panatulukira funso. Munda wonse ukakhala wa mtundu umodzi, tinene RRIM 600, mbali ya pamwamba ya mtengo uliwonse ndi chiwalo cha mtengo umodzi womwewo, ndiye zokolola zinayenera kufanana. Koma sizifanana. Mu mzere umodzi mumapezeka mtengo wonenepa ndi wina woonda, wotulutsa kwambiri ndi wina wochepa mphamvu. Dothi limasiyana pena ndi pena, ndipo dzanja la wocheka nalo limasiyana. Koma ngakhale zimenezi zitachotsedwa, kusiyana kumatsalabe, ndipo gwero lake lalikulu lili pansi pa mfundo: mtengo uliwonse waima pa tsinde lakelake, lochokera ku njere yakeyake.

Kuti zimveke bwino, m'pofunika kudziwa mmene utomoni wa labala umatulukira. Utomoniwu umakhala m'timitsempha ta mkati mwa khungwa. Gawo lalikulu la utomoni ndi madzi. Labala weniweni ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kupitirira pang'ono. Wocheka amashepa kachikhungwa kopyapyala mopendeketsa, kuchokera kumanzere pamwamba kutsikira kumanja, ndipo utomoni umatsatira mpatawo mpaka kugwera m'kapu. Chimene chimaukankha kuti utuluke ndi kuchuluka kwa madzi m'thupi la mtengo. N'chifukwa chake ocheka amalawirira m'mamawa dzuwa lisanatuluke, masamba asanayambe kutaya madzi. Mtengo ukachekedwa umayenera kubwezeretsa madzi ndi chakudya chimene chatayika usanachekedwenso, ndipo ntchito yobwezeretsayo imayambira ku mizu. Tsinde la mizu yozama ndi yochuluka limabwezeretsa msanga. La mizu yochepa limachedwa, makamaka m'chilimwe.

Mizu imachitanso china chosaoneka ndi maso. Imapanga timadzi tina timene timakwera m'mwamba kukalamula kaphukidwe ka masamba ndi kakulidwe ka thunthu. Matsinde amasiyananso pa kuchuluka kwa mchere wa m'nthaka umene amakweza, monga nayitirojeni, potaziyamu ndi magineziyamu. Mitengo iwiri ya mtundu umodzi, yothiridwa feteleza wofanana, imatha kupezeka ndi chakudya chosiyana m'masamba chifukwa cha matsinde ake.

Zotsatira zake zimaonekera choyamba pa kakulidwe. Mtengo wa labala sayamba kuucheka usanakwane masentimita 50 kuzungulira thunthu, poyeza pa msinkhu wopitirira pang'ono mita imodzi kuchokera pa mfundo. Kuti ufike pamenepo pamatenga zaka 5 mpaka 7. Pa hekitala pamakhala mitengo pafupifupi 500, ndipo sayamba kucheka munda mpaka mitengo yambiri itakwana muyezo. Mitengo yoima pa matsinde ofooka imachedwetsa munda wonse, ndipo chaka chilichonse chochedwa ndi chaka cholipira olambula ndi kugula feteleza popanda cholowa. Ikayamba kuchekedwa, yaing'onoyo imakhala itaphimbidwa kale ndi inzake, ndipo siipezanso. Thunthu lalikulu limapatsa mpata wautali wochekapo, mpata wautali umadula timitsempha tambiri, ndiye kusiyana kumene kunayamba ku nazale kumatsatira mtengo moyo wake wonse wa zaka 25 kapena 30, mpaka tsiku loudula kuti achekepo matabwa.

Pali malire ofunika kuwanena. Mphamvu ya mtundu wa pamwamba pa zokolola ndi yaikulu kuposa ya tsinde. Tsinde labwino silingasandutse mtundu wosabereka kukhala wobereka. Chimene limachita ndi kulola mtundu wabwino kufika pamene ungathe kufika, pamene tsinde loipa limaubweza m'mbuyo. Komanso tsinde lokulitsa mtengo msanga si nthawi zonse limene limachulukitsa utomoni. Mbali ya pamwamba nayo imasintha kakulidwe ka mizu, moti tsinde limene likuyenda bwino ndi mtundu wina likhoza kukhala wamba pa mtundu wina.

Nanga njere zabwino za tsinde zimachokera kuti? Njira yapafupi, imene minda yambiri yakhala ikutsata, ndi kutola njere zilizonse zogwa m'munda wakale. Vuto lake n'lakuti munda ukakhala wa mtundu umodzi, maluwa ake amalandira mungu wa mtundu womwewo, ndipo labala sagwirizana ndi kubereka pachibale. Mbande zambiri zotere zimatuluka zofooka, zina zachikasu, zina zopinimbira. Njere zobadwa pamene mitundu yosiyana yasakanizana zimamera ndi mphamvu. N'chifukwa chake mayiko ena anadzala minda yapadera ya njere, yosakaniza mitundu ingapo mwadala. N'chifukwa chakenso mtundu wa GT 1 unatchuka ngati kholo la matsinde: maluwa ake aamuna sapanga mungu wamoyo, ndiye njere iliyonse yogwa mu mtengo wa GT 1 bambo wake ndi wa mtundu wina. Chilema chimenechi chinasanduka mwayi. Ku Malaysia, ofufuza a ku Rubber Research Institute anapeza kuti njere za PB 5/51 zimapereka matsinde abwino. Ku São Paulo, ku Brazil, kafukufuku anaonetsa kuti matsinde ochokera ku PB 235 ndi IAN 873 amatulutsa labala wambiri kuposa a njere zotola mwachisawawa. Mayina akusiyana malinga ndi dera, ndipo zimenezi n'zoyembekezereka, popeza tsinde limapikisana ndi dothi ndi mvula ya malo amene ladzalidwa.

Kusankha sikuthera pa kholo la njere. Njere ya labala sikhalitsa. Ikagwa imataya mphamvu m'masabata ochepa, ndiye imafesedwa msanga pa bedi la mchenga. Zoyamba kumera, pakatha sabata kapena kupitirira pang'ono, ndizo zamphamvu. Zimene zikuzengereza mpaka masabata atatu amazitaya. Amatayanso za mizu yopindika, ndi mbande zonse zotsalira pa kukula nthawi yomezanitsa isanakwane. Nazale yabwino imafesa njere zambiri kuposa mbande zimene ikufuna, n'cholinga choti ikhale ndi zotaya. Imene imasunga mbande iliyonse poopa kuluza imangosamutsira vutolo kumunda, kumene lidzakhale zaka 30.

Wina angafunse chifukwa chimene alimi a labala sachulukitsira tsinde limodzi labwino monga amachitira ndi mbali ya pamwamba. Alimi a maapozi amatero. Matsinde awo ali ndi mayina, monga M9 wa ku East Malling ku England, amene amafupikitsa mtengo. Koma nthambi ya labala ikazikidwa imavuta kutulutsa mizu, ndipo ikatulutsa sikhala ndi muzu waukulu woloza pansi, moti mtengo wake sulimba pa mphepo. Ofufuza, makamaka a pa chilumba cha Hainan ku China, akhala akumeretsa labala m'mabotolo kuti apeze mitengo yoima pa mizu yakeyake, koma minda yambiri padziko ikadali pa matsinde a njere.

Ku South America kuli mitengo ya labala ya zigawo zitatu. Kumeneko kuli matenda a masamba amene anagwetsa munda waukulu wa Fordlandia, umene Henry Ford anatsegula ku Brazil mu 1928. Pofuna kuwapewa, amamezanitsa kawiri: tsinde pansi, thunthu la mtundu wotulutsa utomoni pakati, ndi mutu wa mtundu wopirira matendawo pamwamba. Nawonso mutuwo umasintha zokolola za thunthu.

Kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'madera a mafumu monga Mwambo ndi Kuntumanji m'boma la Zomba, labala sangakhale mbewu yodalirika. Mtengowu umafuna mvula pafupifupi mamilimita 2,000 pachaka, yogwa miyezi yambiri, ndi dothi lozama losasunga madzi. Chigwa cha Chilwa chimalandira theka la mvula imeneyo kapena kucheperapo, ndipo chilimwe chake n'chachitali. Koma funso la tsinde lilipo ndithu, pa mango, malalanje, manachesi ndi mapeyala amene anthu akugula m'manazale. Kunena zoona, kuno funsoli n'lolemera kuposa ku Vizara, chifukwa nthaka ya kuno imasintha kwambiri pa mtunda waufupi.

Munthu wochoka m'tsinde mwa phiri la Zomba kutsikira ku doko la Kachulu amayamba ndi dothi la katondo lotaya madzi bwino, kenako lamchenga, kenako makande akuda a kudambo amene amang'aluka m'chilimwe ndi kusunga madzi m'dzinja. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe amathiramo, koma madzi amachoka pouma ndi dzuwa basi, n'kusiya mchere. N'chifukwa chake madzi ake ndi amchere, ndipo zitsime ndi mijigo ina ya pafupi ndi nyanja nayo imatulutsa madzi olawa mchere. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu linaumanso. Zaka zina madzi amabwerera mopitirira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mtengo wodzalidwa kuno uyenera kupirira zinthu zitatu: madzi oima, mchere ndi chilala. Zitatu zonsezi zimafikira ku mizu.

Mango ali ndi mwayi umene alimi a labala amausowa. Mango ambiri amakolo, njere imodzi ikafesedwa imatulutsa mphukira zingapo. Zambiri mwa mphukirazi sizichokera ku mungu. Zimachokera m'thupi la mayi ndipo zimafanana naye m'zonse. Ndiye kuti mtengo wakale umene waima pa mudzi zaka zambiri, umene waona nyanja ikuphwa ndi kudzazanso koma masamba ake osapserera, ukhoza kupereka matsinde ambirimbiri okhala ndi kupirira komweko. Woyang'anira nazale wanzeru amatola njere pa mtengo wotero, wa m'dera lomwelo ndi dothi lofanana ndi kumene mbande zikukadzalidwa, m'malo motola njere zosakanizika pamsika pamene anthu adyera mango. Amachotsa chikamba cholimba cha njere kuti imere msanga ndiponso kuti aone ngati mulibe kachilombo kofumbwa mkati. Mphukira zikatuluka amasiya imodzi yamphamvu ndi yowongoka, ndipo amamezanitsa ikanenepa ngati pensulo.

Njere za Kent, Keitt ndi Tommy Atkins, mitundu yochokera ku Florida, zimatulutsa mphukira imodzi yokha, yobadwa ndi mungu, ndipo iliyonse imasiyana ndi inzake. Zipatso zake n'zokoma ndi zamalonda, koma njere zake sizipereka matsinde ofanana. Mayiko olima mango kwambiri anasankha kale matsinde awo pakati pa mitundu ya mphukira zambiri: ku South Africa amagwiritsa ntchito Sabre, ndipo ku Israel, kumene madzi othirira ndi amchere, ali ndi tsinde lotchedwa 13-1. Limeneli limadziwika popirira mchere. Mtengo wa pa tsinde losapirira umaonekera ndi kupserera kwa masamba, kuyambira kunsonga kutsatira m'mphepete, kenako kuyoyoka.

Palinso njira ina yofunika kwa amene ali ndi mitengo ikuluikulu ya mango a ulusi wambiri amene amangowolera pansi mu Disembala. Mtengowo amaudula nthambi zikuluzikulu, ukaphukira n'kumezanitsa mtundu wamakono pa mphukirazo. Kampani ya Malawi Mangoes ku Salima yachita zimenezi pa mitengo ya alimi ang'onoang'ono. Phindu lake n'lakuti mizu yakale, imene inazama kale ndi kuzolowera dothilo, imakhala tsinde, ndipo mtengo umayamba kubereka msanga kuposa mbande yatsopano.

Pa malalanje ndi manachesi, dziko linaphunzira za tsinde movutika. Kale minda yambiri inkaima pa tsinde la lalanje lowawasa. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, matenda a tristeza, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, anapha mitengo mamiliyoni ku Argentina ndi ku Brazil. Matendawa ankawononga njira ya chakudya pa mfundo penipeni, mizu n'kufa ndi njala. Malalanje a mtundu womwewo omezanitsidwa pa matsinde ena anapulumuka. Ku South Africa tsinde limeneli linali litakanika kale, ndipo alimi anatembenukira ku mandimu a khungu lokhakhala, amene ndiwonso tsinde lofala m'manazale a kuno.

Tsinde la mandimu okhakhala limakula msanga, mizu yake imazama, limapirira chilala ndi dothi lamchenga, ndipo limabereketsa kwambiri. Koma zipatso zake zimakhala za khungu lochindikala ndi zotsekemera pang'ono poyerekeza ndi za pa matsinde ena. Choopsa kwambiri kwa mlimi wa kudambo n'chakuti tsindeli siligwirizana ndi chinyezi chokhalitsa: khungwa la pansi limayamba kutuluka utomoni, kuwola ndi kusendeka, mtengo n'kufota. Tsinde la nachesi wa Cleopatra ndi la Rangpur ndi amene amadziwika popirira mchere. Cleopatra amachedwa kukula ndi kuyamba kubereka, ndipo zipatso zake zimacheperako, koma zimakoma. Troyer ndi Carrizo amapereka zipatso zabwino ndipo amapirirako matenda owoletsa mizu, koma mchere amauopa. Palibe tsinde lopambana pa zonse, ndipo mlimi wa kumtunda ndi wa kufupi ndi Kachulu akhoza kufuna matsinde osiyana pa lalanje la mtundu umodzi. Tsinde silichizanso matenda obwera ndi diso. Diso lotengedwa pa mtengo wodwala matenda achikasu a malalanje limalowa nawo mu mbande, kaya tsinde ndi labwino bwanji.

Mapeyala ndiwo osapirira kuposa onse. Mizu yake imayenda pamwamba, imafuna mpweya wambiri, ndipo madzi akaima masiku ochepa chabe mtengo umatha kufa. Mchere nawo amauopa kwambiri, ngakhale mitundu ya gulu la West Indian imapirirako kuposa ya gulu la Mexico. Kuli matsinde osankhidwa olimbana ndi kuwola kwa mizu, monga Duke 7 wa ku California ndi Dusa wa kampani ya Westfalia ku South Africa, koma ngakhale amenewa sapulumuka m'madzi oima. Malo a mapeyala ndi kumtunda, cha kuphiri, kumene amachita bwino kale. Kuwadzala m'makande a kudambo ndi kutaya ndalama.

Masuku nawo alowa m'gulu la mitengo yomezanitsa. Pa malo a kafukufuku a Makoka, pafupi ndi Thondwe, bungwe la ICRAF linasonkhanitsa masuku okoma ochokera m'madera osiyanasiyana ndi kuwamezanitsa. Msuku wofesa umadikiritsa zaka zoposa 10, ndipo popeza misuku ina ndi yaimuna yosabereka, wofesa sadziwa chimene wadzala mpaka utachita maluwa. Womezanitsa umabereka m'zaka zochepa ndipo ndi waukazi motsimikizika. Kafukufukuyu anaonetsanso kuti si tsinde lililonse limene limalumikizana bwino ndi kanthambi kalikonse. Pena mfundo imagwira poyamba, koma mkati mwake mumakhala mzere wa minofu yakufa umene umadzalekanitsa mbali ziwirizo patsogolo. Mbande za masuku zimafunanso dothi lotengedwa pansi pa misuku, chifukwa mizu yake imadalira tibowa ta m'dothilo.

Tsinde losankhidwa bwino likhoza kuwonongekabe ku nazale kapena pa tsiku lodzala. Mbande ikakhalitsa m'chubu, muzu waukulu umafika pansi n'kuyamba kuzungulira. Muzu wotero suwongokanso, ndipo mtengo wake umapinimbira kapena kugwa ndi mphepo patapita zaka. Wogula ali ndi ufulu wopempha kuti ang'ambe chubu chimodzi aone mizu. Ali ndi ufulunso wofunsa kuti tsinde ndi la mtengo wanji, njere zinatengedwa kuti, ndipo maso kapena tinthambi tinachokera pa mitengo iti. Wogulitsa wodziwa ntchito yake sangavutike kuyankha. Mfundo iyenera kukhala yopola, yosatupa mopitirira, yopanda mng'alu. Alangizi a zaulimi a m'deralo amathandiza kuloza manazale odalirika, ndipo kafukufuku wa boma wa zipatso amachitikira ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo.

Podzala, mfundo isakwiriridwe. Pa malalanje iyenera kutsala masentimita osachepera 15 pamwamba pa dothi, chifukwa ikakhudza dothi lonyowa, matenda amene tsinde limayenera kutchinga amalowera pa mbali ya pamwamba. Pamalo pamene madzi amaima, dzenje lakuya m'makande limasanduka chitsime chomiza mizu. Pamenepo ndi bwino kuunjika nthumbira yaikulu ndi kudzala pamwamba pake, kapena kusankha malo okwera monga m'mbali mwa chulu chakale. Pothirira, madzi a mumtsinje kapena a mvula ndi abwino kuposa a chitsime cholawa mchere. Ngati palibe ena, kuthira ambiri kamodzi kuti mchere utsike pansi pa mizu kumathandiza kuposa kuwaza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kumene kumaunjika mchere pamwamba. Kuphimbira pansi ndi udzu kapena mapesi a mpunga kumachepetsa kuuma kwa dothi, kumene kumakweza mcherewo.

Chomaliza ndi mphukira zotuluka pansi pa mfundo. Zimenezi n'za tsinde, ndipo kawirikawiri zimakula mwamphamvu kuposa mbali yomezanitsidwa. Zikasiyidwa zimalanda madzi ndi chakudya, mbali ya pamwamba n'kufota. Umu ndi mmene anthu ena amagulira lalanje koma n'kudzathyola mandimu, kapena kugula Kent n'kudzapeza mango a ulusi. Zimachitika kwambiri mbuzi zikadya mutu wa mbande kapena moto ukaiwauka, chifukwa chophukanso nthawi zambiri chimakhala tsinde. Mphukira zotere zimachotsedwa ndi dzanja zikadali zanthete, ndipo m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira mtengo umafunika kuuyendera pafupipafupi, makamaka mvula ikangoyamba.